Bodza Langa M'kabuku ka Ambuya Ako

Tiyamike mwana wanga,

Undiyankhe funso limodzi, ndipo usazungulire: dzulo pamene unanena kuti ambuya ako ndi ofooka, unayang'ana ambuya ako kapena unayang'ana kabuku kawo ka kuchipatala? Iwo anali panja pomwepo, kuseri kwa shopu yanga, akusefa miyala imene anaphwanya m'mawa. Iwe unali pampando m'nyumba, mwendo pamwamba pa unzake. Unatsegula tsamba limodzi, n'kuwerenga mizere inayi ya dokotala, n'kunena kuti, "Adadi, ba dokota sibanalakwe. Ambuya ni bakulu maningi, opaleshoni ingabapaye. Basiyeni chabe bapumule." Sunadzuke n'komwe kukawaona. Zaka zitatu uli kusukulu ya zachipatala, ndipo munthu woyamba amene wamuweruza osamukhudza ndi mayi amene anabereka ine.

Ndinakalipa, ndikudziwa. Ndinamenya thebulo, iwe n'kutuluka kupita kwa anzako ku Linda. Amayi ako akuti ine ndikayankhula ndimaluma, ndiye masana ano ndatseka shopu kuti ndilembe, pakuti magetsi athimanso ndipo palibe geti lowotcherera. Lachiwiri ukukwera basi kupita kuchipatala chimene boma lakutumiza, kutali kumpoto, kumene okalamba a eni ake adzakhala pabenchi kudikira iwe. Usanapite umve zimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako. Mizere inayi ija ndinailembetsa ndine.

Unali kusukulu, inali nthawi ya mvula. Chotupa cha ambuya ako cha pamchombo ukuchidziwa, chija chimatuluka akanyamula ndowa ya miyala n'kubwerera chokha akagona chagada. Tsiku limenelo chinatuluka n'kukana kubwerera. Anasanza kawiri. Komboni yathu yonse ya Kanyama inali m'madzi monga mwa chaka ndi chaka, maminibasi akuthera kumsewu waukulu. Ndinawakweza pa wilibala yawo yomwe ija ya miyala, osati chifukwa sakanatha kuyenda, koma madziwo anali osakanikirana ndi a m'zimbudzi. Njira yonse ankandikalipira. "Yobe, nditsitse. Anthu aziti ndafa." Kukiliniki anangotipatsa kalata yopita kuchipatala chachikulu.

Titafika, mzere unali utatuluka pakhomo n'kukhota. Iwe wakulira m'komboni, lamulo ukulidziwa ngakhale palibe amene analilemba pakhoma: wobwera ndi miyendo yake amadikira mpaka dzuwa lipendeke, wobwera atanyamulidwa amalowa. Ndinathamangira mpando wamatayala umene wina anali atangousiya. Ndinawakhazika, n'kuwafunditsa chitenje kumutu mpaka m'manja. Ndinati, "Amama, mutseke maso, khosi mupendeketse, akakufunsani kanthu musayankhe." Iwo anati, "Ndiye ndikhale mtembo?" Ndinati, "Kwa ola limodzi chabe." Kenako anatseka maso.

Pathebulo lolembera namwino anafunsa zaka. Reji yawo, chitupa cha boma chija, ili kale ndi chaka chimene kalaliki wina anangoganiza pamene iwo anali mtsikana, chaka chowakalambitsa kuposa mkulu wawo wobadwa naye. Ine ndinawonjezera pomwepo. Ndinati makumi asanu ndi anayi. "Bamayenda?" Sayenda. "Bamadya beka?" Timawadyetsa. "Kuchimbuzi?" Timawanyamula. Ndinayankha zonsezi osaphethira, ndipo njira inatseguka. Tinadutsa mayi wina amene anabereka mwana wotentha thupi, tinadutsa bambo wogwira nsanza yamagazi pamkono. Ndinkakankha mpando uja ndikudziona wochenjera.

Dokotala anali mnyamata, maso ofiira ndi kutopa. Ndimuyamike pa chimodzi: anakankha chotupa chija mwaluso mpaka chinabwerera. Kenako anakhala pansi n'kulemba. Polankhula analankhula kwa ine, osati kwa iwo. "Ba tate, ichi chifunika opaleshoni, chifukwa siku lina matumbo yazamangika mukati, ndipo icho chimapaya. Koma aba ni bofooka maningi. Tikabagoneka sibazauka. Bapelekeni kunyumba, muzibasamala chabe." Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinati, "Koma mayi awa amaphwanya miyala." Iye anayang'ana pepala la namwino n'kunena kuti, "Imwe mweka mwakamba kuti sibayenda." M'malo moti ndigwade n'kunena kuti ndanama, ndinakuwa. Ndinamutchula mayina amene sindingalembe kwa mwana wanga. Mlonda ananditulutsa atandigwira kolala, ndipo ambuya ako anatsala mmenemo chikhalire, maso ali chitsekere, pakuti mwana wawo anawauza kuti asatsegule.

Achipatala atawakankhira pageti, ambuya ako anaimirira, n'kupinda chitenje chawo bwinobwino. Anati, "Watha masewera ako?" Anauyamba ulendo wa kusiteshoni, ine pambuyo ndikuwathamangira.

Phunziro loyamba ndi limenelo, Tiyamike, ndipo ulimve. Wodwala wokalamba amene adzalowa kwa iwe atafunditsidwa, wachibale ali pambali kuyankha chilichonse msangamsanga, dziwa kuti mwina wakumana ndi Yobe wina. Sitinama chifukwa ndife oipa. Timanama chifukwa cha mzere wanu. Usamukalipire, ndipo usamukhulupirirenso. Muuze akhale chete pang'ono. Vundukula chitenje. Funsa mwini thupi dzina lake, ndipo umudikire ayankhe, chifukwa okalamba athu sayankha munthu wa yunifomu mwachangu.

Mlandu wanga ndauvomera. Koma dokotala uja bwanji? Munthu anaphunzira zaka zonsezo, analephera kutukula chitenje kuti aone manja? Manja a ambuya ako ukuwadziwa. Chikhato chawo chili ngati chikopa cha nsapato, ndipo akakugwira padzanja umamva mafupa akulira. Munthu wodyetsedwa phala pamphasa alibe manja otero. Akanangonena kuti, "Amama, ndifinyeni zala," bodza langa likanathera pomwepo. Iye anaona imvi, anaona mpando wamatayala, anaona nambala ya zaka, n'kutseka nkhani. Ine sindinapite kusukulu ya zowotcherera, ndinaphunzira poyang'ana ena kukomboni ya Garden mpaka maso kutupa. Koma ngakhale ine sinditaya chitsulo chifukwa cha dzimbiri lapamwamba. Ndimachipala kaye, ndimachigogoda, ndimve mmene chikulirira. Pali chitsulo chofiira ndi dzimbiri chimene chimagwira geti zaka makumi awiri, ndipo pali chopakidwa penti dzulo chimene chala chimaboola.

Tabwererako kawiri kuchokera pamenepo, iwo akuyenda ndi miyendo yawo. Ukuganiza kuti zinathandiza? Kabuku kamalowa m'chipinda munthu asanalowe. Aliyense amatsegula tsamba lija, amawerenga, amalemba mapiritsi ochepetsa ululu, mutu uli choweramira. Wina anadzutsa maso pang'ono n'kunena kuti, "Lelo baoneka bwino ambuya," ngati kuti kuyenda kwawo kunali mwayi wa tsiku limenelo. Ine ndili pambali, manyazi atandiletsa kuulula. Ine amene anthu a mumsewu muno amati sindibisa mawu. Chotupa chija chakananso kubwerera kawiri chaka chino. Ulendo wachiwiri anagona pansi maola atatu akubuula mpaka chinalowa. Wachitatu sindikudziwa ngati chidzalowa.

Usaganize kuti ndikukuphunzitsa kuti wokalamba aliyense ndi wolimba. Ndinalakwitsapo mbali inayo, ndipo kumeneko kuli manda.

Malemu agogo ako aamuna, atate a amayi ako, unkawadziwa ali ndi jekete. Anagwira ntchito ya umesenjala m'maofesi a m'tauni moyo wawo wonse, ndipo sankatuluka pageti la ku Matero opanda tayi. Chaka chawo chomaliza anali atatha mkati. Anagwa katatu m'miyezi iwiri. Chakudya ankangochitokosa. Lamba anali atabooledwa mabowo ena awiri, ndipo amene anaboola ndi msomali wamoto ndine. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi ankamwa kawiri tsiku lina, tsiku lina osamwa, chifukwa choiwala. Tsiku lokaonana ndi dokotala amayi ako anali ndi pakati pa mng'ono wako, ndiye ndinawaperekeza ndine. Anavala suti, nsapato zowala, mpango m'thumba la pachifuwa. Atafika pakhomo la dokotala anawongola msana ngati msilikali. Ine ndinatsala panja. Mkamwini salowa kumene apongozi ake akavule malaya, ndi mmene tinaleredwera, ndipo ndinkaona ngati ndachita ulemu waukulu.

Dokotala anatsegula chitseko n'kundifunsa, "Kunyumba bali bwanji aba?" Apongozi anga anali kumbuyo kwake, akumanga tayi, akundiyang'ana. Ndikanati chiyani? Kuti bambo awa amagwa pobwera kuchimbudzi, kuti mkazi wawo amachapa zofunda m'mawa uliwonse? Pamaso pawo? Ndinati, "Ndi olimba kwambiri." Dokotala anaseka, anawaomba paphewa, n'kunena kuti akanakonda kudzakalamba ngati iwo. Anawonjezera mphamvu ya mapiritsi chifukwa magazi anali atakwera tsiku limenelo. Patapita masabata awiri apongozi anga anachita chizungulire podzuka pampando, anagwera pa sitepe ya simenti, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Sanadzukenso. Ndinanyamula nawo bokosi, ndipo pamaliro anthu ankandiyamikira kuti ndine mkamwini waulemu.

Ndiye uone. Mmodzi ndinamufooketsa ndi chitenje, wina ndinamulimbitsa ndi mawu atatu, ndipo madokotala onse awiri anameza chimene ndinawapatsa chifukwa chinkagwirizana ndi chimene maso awo anaona pakhomo. Wokalamba wathu amavalira chipatala ngati akupita kutchalitchi. Ukamufunsa kuti muli bwanji adzati ndili bwino, ngakhale usiku wonse sanagone. Sadzakuuza iwe, mtsikana wamsinkhu wa mdzukulu wake, kuti mkodzo umamupulumuka. Ndipo woperekeza akakhala mkamwini kapena mtengwa, sadzanena pamaso pake. Mutulutse panja, mufunse payekha. Yang'ana lamba. Yang'ana kolala ngati khosi likusambira mkati. Muuze adzuke pampando osagwira thebulo, ayende mpaka pachitseko n'kubwerera, iwe ukuona. Zimenezo sizifuna makina ochokera kunja. Zimafuna kuti uchotse maso papepala.

Chimene chandipweteka koposa n'chakuti iwe zimenezi ukuzidziwa. Pa tchuthi unasiya mabuku ako pathebulo, ndipo ine ndimawerenga chilichonse chimene chagona m'nyumba mwanga, ngakhale Chizungu changa ndi cha pamapaketi a ndodo zowotcherera. Munali pepala la zithunzi: wokalamba woyenda msanga, wina wa ndodo, wina pampando, wina pabedi. Pansi pake unalemba ndi dzanja lako, n'kudula mzere kawiri, kuti munthu asayesedwe mmene alili tsiku limene wadwala, koma mmene analili masabata awiri asanadwale. Ndinawerenga katatu kuti nditsimikize. Masabata awiri lisanafike tsiku la wilibala, ambuya ako anadzaza okha miyala theka la lole ya munthu womanga nyumba ku Chawama. Unakhoza mayeso ndi mzere umenewo, ndipo dzulo unauiwala chifukwa pansi pa tsamba panali sitampa ya dokotala wamkulu kuposa iwe.

Usaope sitampa, Tiyamike. Amene anaidinda ndi munthu, anali ndi njala, anali ndi anthu makumi angapo panja, ndipo ananamizidwa ndi wowotcherera wa ku Kanyama. Kumene ukupita udzalandira timabuku tambiri tolembedwa ndi anthu amene sunawaonepo. Mawu akuti wofooka akalembedwa kamodzi amakhala ngati chidindo cha pang'ombe, aliyense wobwera pambuyo amangokopera. Ndipo ndaona mmene mumawagwiritsira ntchito mawu amenewo. Simunena kuti uyu ndi wofooka, tiyeni timusamale koposa. Mumanena kuti uyu ndi wofooka, bedi tipatse wina. Amakhala mawu otsekera chitseko mwaulemu.

Ndikudziwa chimene unganene, chifukwa ndiwe mwana wanga ndipo sugonja. Udzati mabedi ndi ochepa, ogonetsa odwala ndi ochepa, ndipo pali okalamba amene anafera pathebulo la opaleshoni chifukwa achibale anakakamiza. N'zoona. Sindikupempha kuti mudule aliyense. Akawayeza ambuya ako mtima, akawamvera chifuwa, akawayendetsa, akawafunsa iwo eni chimene akufuna, kenako n'kunena kuti ayi, ndidzavula chipewa n'kubwerera kunyumba osatsegula pakamwa. Koma ayi ameneyo akhale wa mayi anga. Amene tili naye pano ndi wa gogo wa zaka makumi asanu ndi anayi wosayenda, wodyetsedwa, amene ndinamupanga ine pakhomo la chipatala, ndipo gogo ameneyo kulibe.

Unati tiwasiye apumule. Unawafunsa ngati akufuna kupumula? Ine ndawafunsa m'mawa uno, nditawauza kuti ndikufuna kukaulula. Anali akumanga nsanza pa mpini wa nyundo. Anati, "Ine kufa sindikuopa. Ndikuopa kufa ndikusanza ndowe zanga ngati mai Tembo." Mai Tembo ndi mnzawo uja ankakhala naye pamulu wa miyala, amene anali ndi chotupa chonga chomwechi n'kuchisunga mpaka chinamanga. Ambuya ako anamusambitsa masiku ake atatu omaliza, ndiye akudziwa chimene akunena kuposa buku lako. Anawonjezera kuti, "Akandigoneka osadzuka, ndiye tulo tabwino. Koma andifunse ine."

Chinanso, pakuti ndayamba kale. Kumene ukupita chilankhulo n'china, ndipo udzayesedwa kulankhula ndi mdzukulu wodziwa Chizungu m'malo mwa mwini matenda. Phunzira mawu awo, ngakhale akuseke. Usakuwe m'khutu mwa munthu usanadziwe ngati ndi wogontha. Usanene za thupi lake kwa ena iye ali pomwepo ngati thumba la makala. Ndipo wachibale akakukalipira monga ndinachitira ine, mlonda asanamutulutse, umufunse kaye kuti akuopa chiyani. Ine tsiku lija ndikanafunsidwa funso limenelo ndikanalira n'kunena zoona.

Sindikukana kuti ndimakunyadira. Tsiku limene dzina lako linatuluka pa mndandanda wa okhoza mayeso ndinazungulira msewu wonse ndi foni m'manja, mpaka a Mwansa ogulitsa makala anandiuza kuti ndakwana. Koma sindinawotche maso anga zaka zonsezi kuti nditulutse munthu wina wolemba ali choweramira. Oterowo alipo kale okwanira.

Tsopano umve chimene ndikufuna. Mawa Lolemba ndi tsiku limene madokotala a opaleshoni amaona anthu. Za kukamangitsa tsitsi ndi kukatsanzika anzako uzisiye. Tinyamuka mbandakucha atatu, ndipo tikaima pamzere ngati anthu ena onse, ngakhale mpaka madzulo. Ambuya ako anena kale kuti ayenda okha, ndipo andilamula kuti ndisatsegule pakamwa mpaka iwo atamaliza kulankhula. Akamaliza, ine ndidzanena pamaso pa dokotala kuti ndinanama zaka, ndinanama za kuyenda, ndinanama za kudya. Akafuna kundinyoza andinyoze, ndi malipiro anga. Ndikayamba kukweza mawu undiponde phazi.

Iwe ntchito yako ndi iyi. Udzalankhula ndi madokotala m'chilankhulo chawo cha kusukulu, chimene ine sandimvera. Suwapempha chifundo ndipo suwauza chochita. Udzawauza kuti munthu uyu sanayezedwepo, ndipo ayezedwe. Tsamba lija alidule mzere, alembe pansi pake zimene aona ndi maso awo, asaine. Akatiuza kuti tibwere sabata yamawa, upemphe alembe tsikulo m'kabuku iwe ukuona.

Tsambalo likapanda kukonzedwa mawa, ukasinthe tikiti yako. Basi ya kumpoto iliponso Lachinayi, ndipo akakufunsa kuntchito chimene wachedwera, uwauze kuti unali ndi wodwala.

Ndine atate ako,
Yobe